Ana inu, Unsubscribe sadina mwachisawawa

Tamverani kuno inu a mafoni m'manja, makamaka amene mukusaka ntchito m'malojimu kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay. Imelo yanu mwaimwaza paliponse, pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, pa fomu iliyonse yolonjeza ntchito kapena sukulu yaulere kunja, ndiye lero mauthenga achabechabe akusefukira, mwatopa nawo, basi mukungothamangira pansi n'kudina Unsubscribe, kalinki kosiyira kulandira mauthengawo, osayang'ana n'komwe kuti watumiza ndani. Kumeneko n'kusasamala ndipo ndikudzudzulani ngati kholo.

Akuba a pa intaneti uthenga umodzi amautumiza kwa anthu miyandamiyanda, maadiresi ena ogula ena ongopeka, sadziwa kuti ndi ati akugwira ntchito. Inu mukadina kalinki kawoko mwawauza nokha kuti kuno kuli munthu ndipo amawerenga. Msodzi akamva chingwe chagwedera sachokapo, amawonjezera nyambo. Mauthenga m'malo mochepa amachuluka, adiresi yanu agulitsanso kwa anzawo.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Linki ina imakutsegulirani peji yooneka ngati ya Gmail kapena ya banki, mitundu yake yomweyo, chizindikiro chomwecho, akuti lowetsani pasiwedi kuti tikuchotseni, inunso n'kumalemba ndithu ndi chala chanu! Kuyambira liti kusiya kulandira mauthenga kumafuna pasiwedi, PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba? Akagwira imelo agwiranso Facebook poti nambala yosinthira pasiwedi imatumizidwa komweko, mawa lake achimwene anu ku Joni alandira uthenga m'dzina lanu woti amayi agonekedwa m'chipatala tumizani ndalama msanga, iwo n'kutumizadi marandi okhetsera thukuta, inu muli phee pa msika mukutsatsa usipa.

Sindikuti Unsubscribe yense ndi woipa ayi. Dzifunseni kaye, kodi anthuwa ndinalembetsa ndekha? Ngati ndi shopu yomwe munagulako, nyuzipepala, kaya kampani ya ndege yomwe munaipatsa imelo, chokani bwinobwino palibe vuto. Komabe dinani kaye pa dzina la wotumiza muone adiresi yonse, makamaka zomwe zili kumanja kwa chizindikiro cha @, chifukwa dzina aliyense atha kulemba lomwe wafuna, ndipo akuba amangosintha chilembo chimodzi chokha, pa foni ya galasi losweka simungachione mukathamanga. Ndiye mu Gmail muli batani la Unsubscribe pamwamba pafupi ndi dzina la wotumiza, gwiritsani limenelo, ndi labwinoko kusiyana ndi linki ya m'kati mwa uthenga. Kuyambira 2024 Google inalamula kuti otumiza maimelo oposa 5,000 pa tsiku aziika njira yochokera ya kudina kamodzi ndipo azikuchotsani pasanathe masiku awiri. Ku America kulinso lamulo la 2003 lowapatsa masiku 10 ogwira ntchito. Makampani enieni amatsatira zimenezi, nanga wakuba lamulo amaliwerengera?

Uthenga wa munthu wosamudziwa, woti mwawina mphoto pa mpikisano womwe simunalowe, woti katundu wanu wagwidwa pa bodala pomwe simunaitanitse kanthu, umenewo musauyankhe, ngakhale kuwatukwana musawatukwane, kutukwanako ndi yankhonso. Musadine chilichonse, fayilo yomwe amata musatsegule. Dinani Report spam basi, ena ofanana nawo aziponyedwa okha ku foda ya Spam.

Amene munalemba kale pasiwedi pa peji yotere musadikire bandulo ya mawa, sinthani lero lomwe, ndipo ngati pasiwedi yomweyo ndi ya Facebook, poti ambirinu ndi imodzimodzi paliponse ndikudziwa, sinthaninso kumeneko. Yatsani 2-Step Verification kuti wolowa azifunsidwa kachiwiri pa foni yanu, kenako imbirani abale a ku Joni muwauze asatumize ndalama asanamve mawu anu.