Zinyalala zimakhala ndi mapiko?

Kuyambira Lamulungu ndakhala ndikudzigwira poopa kulankhula zosayenera, koma lero mtima wakana. Amene munatenga nkhunda zamapepala za ana a Sande sukulu n'kuyatsira mbaula, mwandilakwira. Ine ndiye ndipirira, ndine wamkulu. Nanga ana aja?

Masabata atatu takhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi tikupinda mapepala. Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, thukuta limachita kudonthera papepala mpaka linalo kufewa. Mapepalawo ndinachita kupempha pa boma, olembedwa kale mbali imodzi, ena ndinathothola m'makope akale a mwana wanga. Pepala la A4 mbali zake sizofanana, ndiye umayamba wapinda ngodya imodzi kukafika m'mphepete n'kung'amba kotsalako kuti likhale sikweya. Zimenezi zokha zinatidyera tsiku lathunthu, poti manja a ana amathamanga kuposa maso.

Tinayamba ndi nsomba. Mwana wa kuno nsomba suchita kumufotokozera. Kamnyamata kena kanati yake ndi chambo, ya mnzake ndi usipa chifukwa inatuluka yoonda, kunali kuseka. Pomwepo ndinawauza kuti Akhristu oyambirira ankagwiritsa ntchito chizindikiro cha nsomba, chifukwa zilembo za mawu a Chigiriki akuti ichthys zimaimira Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, Mpulumutsi. Kenako nkhunda ya Nowa ya pa Genesis 8:11, ija inabwera ndi tsamba la azitona kukamwa. Azitona kuno tiwapeza kuti? Ana anathyola masamba a nimu n'kusomeka kumlomo kwa nkhunda zawo. Chomaliza chinali mtanda. Umapinda pepala ngati denga la nyumba, n'kulipindanso, kenako n'kung'amba kamodzi kokha kutsika nalo. Potambasula, mtanda uwu. Mukanamva "Eeee!" amene anatuluka pansi pa mango paja, simukanachita zimene munachitazi.

Aliyense analemba dzina lake ndi pensulo pa phiko la nkhunda yake, tinazitunga pa ulusi n'kuzipachika kumbuyo m'tchalitchi kuti makolo adzaone. Lamulungu m'mawa ndikupeza ulusi wokhawokha ukulendewera. Ndikuzungulira kukhitchini, amayi akuphika tiyi wa alendo, ketulo ili pamoto. Pansi pa mbaula phiko limodzi, theka lapsa, zilembo ziwiri za dzina zikuonekabe.

"Pepani aphunzitsi, makala amavuta kuyaka. Tinangoona ngati zinyalala."

Zinyalala? Amayi anga, zinyalala zimakhala ndi mapiko? Zinyalala munthu amazitunga pa ulusi, imodziimodzi, n'kukwera pa benchi kukazipachika? Kuyambira liti zinyalala zilembedwa mayina? Pakhomo pa tchalitchi pali majumbo, pali makatoni a sopo, pali masamba ouma a mango oti mungadzaze thumba. Zonsezo munazidutsa n'kukathothola ntchito ya manja a mwana. Kaya ndi changu, kaya ndi kusadziwa, kaya mafuta a nyale adula, zimenezo n'zanu.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si amayiwo, iwo anapepesa. Ndi bambo wina wamkulu ndithu mumpingo, amene anandikokera pambali n'kuti, "Aphunzitsi, musakwiye ndi mapepala. Ndiponso zopindapindazi si zathu, n'za ku Japan." Inde bambo, n'za ku Japan. Dzina lake ndi origami, ori ndiye kupinda, kami ndiye pepala. Ndiye bwanji? Kiyibodi ya Yamaha imene kwaya imaimbira ija inachokera ku Namwera? Toyota imene munakwera pobwera anakhoma ku Malindi? Za ku Japan zikakhala za akuluakulu n'zabwino, zikakhala za ana ndiye zachilendo. Komanso kupinda sitinayambe kukuona kwa a ku Japan. Lamulungu la Kanjedza lililonse timapinda masamba a kanjedza kukhala timitanda, ndipo agogo athu kuno akhala akuluka mlaza kuyambira kalekale. Palibe anatenga mtanda wa kanjedza wa abusa n'kuyatsira moto wa tiyi.

Poti mwatchula Japan, tiyeni tipite konko. Ku Hiroshima kunali mtsikana, Sadako Sasaki, amene anadwala khansa ya m'magazi patapita zaka kuchokera pamene bomba la 1945 linagwa. Ali m'chipatala ankapinda mbalame zamapepala, mpaka anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 12. Anthu a kumeneko anamanga chipilala chokumbukira iye ndi ana anzake, ndipo mpaka lero anthu amatumizako mbalame zamapepala kuchokera m'mayiko osiyanasiyana. Kumeneko mbalame ya mwana anaimangira chipilala. Kuno taiwiritsira madzi.

M'mera mpoyamba. Mwana amene mwamuonetsa lero kuti chimene wapangira Mulungu ndi nkhuni, mawa musadzamufunse chifukwa chake Lamulungu amakhala pa kabaza kapena kumadoko kukoka makoka. Mudzati achinyamata a masiku ano satha kupemphera, mudzakonza misonkhano, mudzaitana mlaliki wa kutali ndi ndalama zambiri. Chonsecho mwanayo anabwera yekha, ndi nkhunda yake m'manja, inu n'kuiponya pamoto.

Panali kamtsikana ka Sitandade 2 kamene kanachita kukokera agogo ake kutchalitchi tsiku limenelo, agogo oyenda ndi ndodo, kuti adzaone nkhunda yake. Kanaima pansi pa ulusi uja kakuyang'ana m'mwamba, kenako kanayang'ana ine. Ndikanakauza chiyani? Kuti alendo amwa tiyi?

Si pepala limene munawotcha. Pepala ndikapemphanso, ali mbwee. Munawotcha masabata atatu a mwana amene anapinda, kulakwitsa, kutambasula, kupindanso mpaka phiko litaima.

Ndipo musandiuze kuti simulemekeza mapepala. Likafika la Pepa Sande nonse mumadziwa kuti pepala ndi chinthu chopatulika. Lokhala ndi nkhope ya Chilembwe kapena ya Kamuzu mumalisita ndi manja, kuliwerenga kawiri, kulilemba m'buku, kulitsekera m'kabati ndi loko. Limenelo silisochera kukhitchini ngakhale makala atavuta bwanji. Tinavina Pepa Sande n'kugula masipika aakulu oti munthu ali pa mlatho wa Bakili Muluzi angamve, koma ana a Sande sukulu mpaka lero amakhala pa mizu ya mango ndi pa njerwa zoswekasweka. Mabenchi awiri okha ndinapempha, mu Januwale. Ati komiti ikhala pansi.