Ndalama za mitengo tikuthera pa tsiku lodzala

Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala nkutsekedwa mu Epulo. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo timamva chiwerengero cha mbande zomwe zadzalidwa, koma pofika Okutobala palibe amabwera kudzawerenga zomwe zatsala. Maganizo anga ndi oti vuto lili pa kagawidwe ka ndalama. Bajeti yonse imathera ku machubu, mbewu, mayendedwe ndi mwambo wotsegulira, kusamalira nkusiyira Mulungu.

Tiwerengere limodzi. Mukadzala motalikana mamita 2.5 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mbande 1,600. Tingoyerekeza kuti mbande imodzi, kuyambira ku nazale mpaka kulowa m'dzenje, yadya K500. Ndiye kuti hekitalayo yadya K800,000. Zikapulumuka 400 zokha, mtengo uliwonse wamoyo mwaugula K2,000. Wina amene wadzala theka la hekitala, ndalama yotsalayo nkulipira opalira ndi alonda, akhoza kukhala ndi mitengo yambiri kuposa inu.

Zomwe zimapha mbande nzodziwika. Kudzala mochedwa, mu Malichi, mizu isanagwire mvula nkudula. Mbande zokhalitsa mu chubu mpaka mizu kupotana. Chiswe pa bulugamu. Mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola. Koma wamkulu ndi moto. Udzu wa m'phiri umauma kuyambira Juni, ndipo Ogasiti mpaka Novembala osaka mbewa ndi nyama amayatsa. Njira zotchinga moto ziyenera kulambulidwa udzu usanaumitsitse, zotambalala mamita anayi kapena asanu, pamalo otsetsereka kuposera apo chifukwa moto umathamanga pokwera. Kupalira mozungulira mbande kawiri pa chaka kwa zaka zitatu zoyamba, ndi kupakiza zakufa mvula isanapite patali. Zonsezi ndi ganyu yofuna ndalama, ndipo ndi imene simaoneka pa bajeti.

Onani za mkungudza wa ku Mulanje, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Phiri ili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha yamoyo. A Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe losamalira phirili, ndi midzi yozungulira adzala mbande zambiri pamwamba paja, ndipo ntchitoyo ndi yoyamikika. Komabe mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime, ndipo ukadali waung'ono moto umodzi umautha. Amene akupereka ndalama za zaka zitatu pa mtengo wotere adziwe kuti walipira chiyambi chokha.

Pomwe pali zitsa zamoyo za masuku kapena mombo, musagule mbande nkomwe. Chitsa chili ndi mizu kale. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani, tchingani moto ndi mbuzi. Mtengo wake ndi chikwanje ndi nthawi basi. Chodabwitsa, njira yotsika mtengoyi ndi imene mabungwe saikonda, mwina poti sijambulika bwino.

Tsono za makala. Wootcha si wopusa, amawerengera. Uvuni wa dothi umadya makilogalamu pafupifupi 7 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, koma mtengowo sanaugule, ndiye kuonongekako sikumukhudza m'thumba. Ndalama amailandira sabata yomweyo. Kumuuza kuti adikire zaka 20 ali ndi ana ofuna ufa ndi kutaya nthawi. Chilango cha lamulo la nkhalango chilipo, koma chokha sichikwanira. Mpatseni chobweza msanga: bulugamu wa pamalo ake, kutali ndi mtsinje, amapereka milimo pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ukadula umaphukanso. Ming'oma ya njuchi imayamba kupereka uchi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mwini mng'oma sangalole moto pafupi. Makampani a tiyi anazindikira kale: amadzala bulugamu wawo woumitsira tiyi, amaulondera, chifukwa akudziwa kuti phindu lake ndi lawo. Nkhalango ya m'mudzi yomwe malamulo ake sanena kuti adzadule ndani, liti, ndalama nkugawana bwanji, imathera usiku.

Funso lomwe timalizemba ndi la olipira. Madzi a mtsinje wa Likhubula, wochokera m'phiri la Mulanje, amafika mpaka ku Blantyre kudzera m'mapaipi a Blantyre Water Board. Mitsinje ya Ruo ndi Lichenya imathirira minda ndi mafakitale. Amene akumwa ndi kupindula ali kumunsi, amene tikumuuza kuti asadule ali m'mphepete mwa phiri. Kagawo kochepa ka bilu ya madzi kabwerere kwa makomiti a m'midzi, ndipo kalipiridwe potengera mitengo yomwe yapezeka yamoyo mu Novembala, mvula isanagwe, osati yomwe inalowa m'dzenje mu Januwale. Mafumu ndi alangizi a zankhalango awerengere limodzi, poyera, anthu akuona.