Ndege zathu zikakalamba zimapita kuti?

Abale anga a kuno kunsi kwa phiri la Mulanje, ndi inu a ku Thyolo, lero ndili ndi nkhani imene ena muiona ngati ya anthu okhuta, koma ndiloleni ndiinene. Dziko la Malawi likufunika malo osungirako ndege zake zakale, pamodzi ndi nkhani za anthu amene anazikwera, amene anaziyendetsa ndi amene anavutika nazo. Tikachedwa, ndegezo zipita kwa ogula zitsulo zakutha, eni nkhaniwo n'kupita kumanda.

Maganizowa anandigwira ku Swartkop, kumwera kwa Pretoria. Ambirife tikapita ku Joni timangodziwa Park Station, mashopu oodako katundu ndi kachipinda ka m'bale amene watisunga. Ine ndi mlamu wanga, amene amagwira ntchito cha ku Centurion, amene anandiumiriza kuti, "Alamu, musabwerere kumudzi musanakaone ndege za asilikali." Swartkop ndi bwalo la ndege zankhondo limene lakhalapo kuyambira 1921, ndipo ndi pamene pali miyuziyamu ya asilikali a mumlengalenga a South Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1973.

Ukangolowa, ndege zili mbwee. Zina zili m'mashedi aakulu, zina panja padzuwa, penti itasuluka, magalasi atachita mbuu. Pali Mirage ya mphuno yosongoka yochokera ku France, pali Buccaneer ndi Canberra za ku Britain zoponya mabomba, pali Harvard imene ankaphunzitsira oyendetsa ndege, pali mahelikopita a Alouette ndi Puma. Pali chindege china chotchedwa Shackleton, cholondera panyanja, cha mainjini anayi, ndipo injini iliyonse ili ndi mapulopela awiri ozungulira mosemphana. M'mashedimo fungo lake ndi la oyilo wakale, ndipo pansi pa mainjini ena anatcherapo timabeseni tolandira oyilo wodontha. Ntchito yambiri yopukuta ndi kukonza imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka, ena mwa iwo madala a imvi amene anagwirapo ntchito pa ndege zomwezo ali anyamata. Ukawayang'ana mmene amagwirira sipanala, umadziwa kuti chitsulocho amachikonda.

Koma imene inandiimitsa nthawi yaitali ndi Dakota. Si yokongola ngati Mirage. Ndi yonenepa, ya mainjini awiri, ndipo popeza tayala lake lachitatu lili kumchira, imaima mphuno ili m'mwamba, moti wolowamo amachita kukwera chitunda kuti akafike kutsogolo. Ndinayendetsa dzanja pathupi pake. Chitsulo chake n'chopyapyala kuposa mmene munthu ungaganizire, cholumikizidwa ndi timisomali ta mitu yobulungira tosawerengeka, tondandalika m'mizere ngati msoko wa thumba la feteleza. Kamsomali kalikonse anakakhoma ndi munthu. Mtundu wa ndege umenewu unayamba kuuluka mu 1935 ku America, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga zoposa 10,000, ndipo asilikali a South Africa anayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1943. Zina anazisintha mainjini n'kupitiriza kuziulutsa mpaka zaka zathu zino.

Nditabwerera kumudzi ndinaonetsa atsibweni anga zithunzi za pafoni. Za Mirage sanazilabadire. Atafika pa Dakota anandilanda foniyo, n'kuiyandikiza kumaso.

"Mphwanga, iyi ndi ya Wenela iyi."

Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Ndinawauza kuti imeneyo inali ya asilikali, koma mtundu wake ndi womwewo. Anangogwedeza mutu n'kuyamba kusimba zimene sindinawamvepo akusimba chibadwire changa. Anakwerera pa Chileka, mnyamata wongozolowera kuthyola tiyi, amene ngakhale basi anali asanaikwere kawirikawiri. Mkokomo wa mainjini unali woti mnzako wapafupi sungamumve. Ndege ikagwera m'dzenje la mphepo, ena ankasanza, ena ankaitana amayi awo, wina n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Anakatera ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko inawatenga ndi sitima yapamtunda mpaka ku Joni, kumene anawagawa m'migodi. Anasimba mpaka nsima inazizira, azakhali akungowayang'ana, chifukwa nawonso zina mwa izo ankazimva koyamba.

Taganizani, abale. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Kuno kwathu, kumene minda inapita ku maesiteti kalekale ndipo anthu anapanikizana pa timalo tochepa, ndi mudzi uti umene sunatumizeko mwana? Nyumba zamalata zoyamba m'midzi yambiri, njinga, mawayilesi, makina osokera, zinachokera m'thumba la munthu amene anakwera ndege imeneyi. Ndiye kuti anthu wamba oyamba kuuluka m'dziko muno sanali mabwana a mataye ayi, anali agogo athu a zigamba.

Ndipo si onse anabwerako. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, mkulu wake wa Dakota wa mainjini anayi, inagwa itangonyamuka pa Francistown ikubwera ku Blantyre. Mafuta amene anaithira anali osakanikirana ndi a mtundu wina. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontalakiti, akubwera kwawo ndi timasutukesi tawo. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a Wenela chifukwa cha ngoziyi, mpaka 1977 pamene ulendo wa kumigodi unayambiranso. Funsani mwana wa Fomu 4 lero za Francistown, muone ngati akuyankheni. Mlandu si wake. Palibe pamene anakaonapo mayina a anthuwo atalembedwa pakhoma.

Ndege yomweyi ya Dakota ili ndi nkhope ina imene ife a m'malire tiyenera kuidziwa. M'zaka za m'ma 1980 boma la tsankho la South Africa linkathandiza Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Mozambique, ndipo zida zina zinkapita ndi ndege usiku kutchire la Mozambique. Mu 1984 mayiko awiriwo anasainirana pangano la Nkomati loti zimenezi zithe, koma makalata amene anapezeka ku Gorongosa mu 1985 anaonetsa kuti thandizolo linkapitabe. Zotsatira zake tinaziona ndi maso athu. Amene munali akuluakulu nthawi imeneyo mukukumbukira anthu akuoloka pa Muloza kuchokera ku Milange, mitolo pamutu, ana kumbuyo, ena mapazi atatupa. Dziko lathu laling'onoli linasunga othawa nkhondo okwana pafupifupi 1 miliyoni. Mabanja ambiri a ku Limbuli anagawana nawo chinangwa ndi kalongonda amene nawonso sankawakwanira. Ndipo Buccaneer ndi Canberra zokongola zija ndi mitundu imene inaponya mabomba pa Cassinga ku Angola mu 1978, pamene anthu a ku Namibia mazanamazana anafa.

Sindikudandaula kuti eni ake akusunga ndege zimenezi. Akuchita bwino kwambiri. Chinthu chimene chinapweteka anthu chikasungidwa, palibe angadzakane mawa kuti kunalibe. Koma aliyense amasimba nkhani kuchokera pamene anaima. Iwo anali m'mwamba, ife tinali pansi, kapena pabenchi la kumbuyo titagwira chiphaso cha Wenela. Mbali yathuyo palibe mlendo adzatisimbire, ndipo si udindo wake.

Nanga ife tasunga chiyani? Air Malawi inali ndi ndege ya VC10, ya mainjini anayi kumchira, imene kuyambira 1974 inkauluka kuchoka pa Chileka mpaka ku London itanyamula dzina la dziko lathu. Italeka ntchito inakhala pa Chileka zaka zambirimbiri ikuwombedwa ndi dzuwa ndi mvula, mpaka inaphwanyidwa m'zaka za m'ma 1990. Nayo Air Malawi inatha mu 2013. Ikanakhalapo ndege imeneyo, bwenzi lero ana asukulu akulowamo, akukhala pampando, akuona pamene pamakhala woyendetsa. Komatu kusunga timakutha. Pa miyuziyamu ya Chichiri ku Blantyre pali mitu ya sitima zakale zoyendera malasha, ndipo ana akafikapo safuna kuchoka. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles), a nthawi ya atsamunda. Kungoti za mumlengalenga tinaziiwala.

Ndikudziwa chimene ena mulembe m'munsimu. Muti anthu akugona ndi njala, m'zipatala mulibe mankhwala, iwe ukukamba zosunga zitsulo. Sindikutsutsa, njala ndimaidziwa, inenso ndimagula chimanga cha pa ndowa. Koma chimene ndikupempha si chinyumba cha mabiliyoni. Ndege yoti yatha ntchito ilipo kale, sitikuigula. Ikufunika malo, denga la malata, mlonda, ndi munthu wodziwa kufotokoza. Asilikali opuma amene anakonza ndi kuyendetsa ndege zathu ku Zomba ndi ku Lilongwe alipo m'makwalalamu, ena akungokhala, nzeru zawo zikuwolera m'mutu. Muwapatse ana makumi awiri ndi injini yotsegula, muone ngati sangatsitsimuke.

Komanso musaiwale zimene tinaona mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri, milatho itapita, midzi ya kuno ndi ku Phalombe itasanduka zilumba, chimene chinkatha kufika kwa anthu ndi helikopita basi. Tanzania ndi Zambia anachita kutithandiza ndi zawo. Ndinaona ana pabwalo la sukulu, ena atataya makolo masiku omwewo, atazungulira helikopita patali, maso ali tong'o, fumbi likuwamenya koma osasuntha. Kamnyamata kena kanandikoka malaya n'kufunsa kuti, "Amalume, chimene chikuigwira m'mwambamo n'chiyani?" Funso limenelo ndi la injiniya. Koma mwana ameneyo akakula osakhudzako ndege, osaona kuti mkati mwake ndi mawaya, mapaipi ndi mabawuti zimene munthu angathe kuziphunzira, adzangokhulupirira kuti zimenezi ndi za azungu kapena zamatsenga. Ndiye namondwe wina akadzabwera tidzakhalanso tikuyang'ana kumalire kudikira a kwa eni.

Pali phunziro linanso limene malo otere amapereka, ndipo ili ndilinena mtima ukuwawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya Dornier 228, yopangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ambiri tinathamangira kunena kuti ndegeyo inali yokalamba. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza analoza kwambiri za nyengo yoipa ndi kuuluka m'munsi m'chifunga. Koma anapezanso kuti kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili, batire lake linatha mphamvu mu 2004. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Ku Swartkop ndinaona ndege zakale kuposa imeneyo zimene mainjini ake amalirabe, chifukwa pali munthu amene amayang'ana kabawuti kalikonse, n'kulemba m'buku tsiku limene wakayang'ana. Zaka pazokha sizigwetsa ndege. Khalidwe losamala tinthu ting'onoting'ono ndi limene timalisowa, ndipo mwana amalitola poona akuluakulu akulichita.

Anzathu a ku Mozambique ndi South Africa sanataye zotsalira za ndege imene inapha Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique, pa 19 Okutobala 1986. Pa Mbuzini, pamene inagwera, anamangapo chikumbutso cha mapaipi achitsulo 35, kuimira anthu 35 amene anafa, ndipo zidutswa za ndegeyo zili pomwepo kuti aliyense azione. Zidutswa za Dornier ija nazonso ndi mbiri ya dziko lino. Zisadzapezeke tsiku lina zili pa sikelo ya wogula zitsulo.

Za ndege ndi malo zili m'manja mwa akuluakulu a boma ndi a asilikali, ndipo aphungu athu a kuno akhoza kukazinena ku Nyumba ya Malamulo. Koma pali gawo limene silikudikira bajeti. Amene anakwera ndege za Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero adutsa 70, ndipo mwezi uliwonse tikuika m'manda mmodzi kapena awiri. Foni muli nayo m'manjamo. Pitani kwa agogo, kwa atsibweni, kwa achemwene a bambo anu, mukhale nawo pakhonde, muwafunse kuti anakwerera kuti, anatera kuti, anagwira mgodi uti, ndi anzawo ati amene sanabwereko. Jambulani mawu awo. Ngati m'sutukesi muli chiphaso chakale, chithunzi kapena kabuku ka malipiro, musalole ana akuyatsira moto. Ine ndayamba ndi atsibweni, ndipo andiuza kuti kutsidya kwa Ruo kuli mnzawo amene anali pa Francistown sabata imene ndege ija inagwa. Loweruka likubwerali akanditengera kumeneko.