Tileke kufunsa agogo a zaka 100 kuti amadya chiyani

Munthu akangokwanitsa zaka 100, atolankhani amathamangirako ndi funso limodzi lomweli: chinsinsi chanu n'chiyani? Emma Morano wa ku Italy, yemwe anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 117, ankati ndi mazira aawisi komanso kukhala opanda mwamuna. Ena amati ndi vinyo, ena kugona msanga. Ife n'kumatumizirana pa Facebook ngati tapeza mankhwala. Ine funsoli limandidetsa nkhawa, abale anga, chifukwa agogowo amayankha moona mtima koma yankho lenileni sangalione. Mbali yaikulu ili m'magazi mwawo.

Taganizirani Jeanne Calment wa ku Arles, ku France. Anabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1997 ali ndi zaka 122, ndipo mpaka lero palibe amene zikalata zake zikutsimikiza kuti anamuposa. Mayiyu ankasuta fodya, anasiya ali ndi zaka 117. Bambo ake anadutsa zaka 90, mchimwene wake anafika 97. Kodi tinene kuti anasungidwa ndi fodya?

Musandimve molakwa. Kwa ambirife, majini, tinthu tam'thupi timene timatengera kwa makolo athu, si amene amalamula. Kafukufuku wa mapasa a ku Denmark obadwa pakati pa 1870 ndi 1900 anapeza kuti zakumtundu zimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa zaka zimene anthu amakhala. Zotsalazo ndi madyedwe, ntchito, chipatala, ngozi ndi mwayi. Ndiye kufika zaka 75 kapena 85 kumadalira kwambiri mmene munthu wakhalira.

Koma kupitirira 100 ndi nkhani ina. Thomas Perls, amene amafufuza anthu a zaka 100 ku Boston, anaonetsa mu 2002 kuti mwamuna amene m'bale wake wa bere limodzi anafika 100 ali ndi mwayi wochuluka ka 17 wofikanso pamenepo kuposa amuna anzake obadwa nthawi imodzi. Kwa akazi ndi ka 8. Gulu la Nir Barzilai ku New York litafufuza Ayuda achi Ashkenazi a zaka 95 kupita m'tsogolo, linapeza kuti pa moyo wawo ankasuta, kumwa ndi kunenepa mofanana ndi anzawo a m'badwo wawo. Sanadzisamale kuposa ena. Matupi awo ndi amene anapirira zimene zinagwetsa anzawo.

Chimene chimandikoka mtima n'chakuti zina mwa zifukwazi tikuzidziwa ndi mayina. Pali jini yotchedwa APOE, yothandiza kunyamula mafuta m'magazi, ndipo ili ndi mitundu itatu yodziwika. Mtundu wa e4 umakweza chiopsezo cha matenda a mtima ndi matenda oiwalaiwala a Alzheimer. Mu 1994 ofufuza a ku France anaona kuti e4 imasowa pakati pa anthu a zaka 100, pomwe e2 imachulukirapo. Palinso FOXO3, imene imadzutsa ntchito yokonza zowonongeka selo (kachigawo kakang'ono kopanga thupi) likapanikizika. Mu 2008 anaona kuti mtundu wina wa jiniyi unali wofala mwa amuna achijapani okhala ku Hawaii amene anadutsa zaka 95. Mizu ya nkhaniyi ili pa kanyongolotsi kosaoneka bwino ndi maso: mu 1993 Cynthia Kenyon anaonetsa kuti kusintha kwa jini imodzi kumachititsa kanyongolotsiko kukhala moyo wowirikiza kawiri, ndipo zimenezi zimadalira jini ya mtundu womwewo wa FOXO.

Munthu si nyongolotsi. Mwa ife jini iliyonse imawonjezera pang'ono chabe, ndipo palibe imodzi imene ingakupatseni zaka 100. Ngakhale kubadwira m'banja lolimba si lonjezo: mwana wamkazi yekhayo wa Calment anamwalira ndi matenda a m'chifuwa ali ndi zaka 36 zokha. N'chifukwa chake sindikhulupirira ogulitsa mapiritsi otalikitsa moyo, ndipo sindigwirizana ndi oweruza omwalira msanga ngati kuti anadzifunira.

Agogo a zaka 100 afufuzidwe ndithu, mwaulemu komanso atavomera okha. Madokotala akamvetsa mmene matupi awo amachedwetsera matenda a mtima, khansa ndi kuiwala, mwina adzapanga mankhwala othandiza ife tonse amene sitinabadwe ndi chitetezo chimenecho. Phindu lawo kwa ife lili pamenepo.

Amene ndikuwadandaulira kwambiri ndi anzathu aja amati, "Agogo anga ankasuta mpaka zaka 98, ine ndiope chiyani?" Achimwene, kwa agogo amodzi mumatengako pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a DNA yanu, ndipo simukudziwa ngati chowateteza chija chili m'gawo limenelo. Anzawo amene ankasuta nawo anapita kalekale, palibe mtolankhani anawafunsa kanthu. Ku Britain, Richard Doll ndi anzake anatsatira madokotala kwa zaka 50, kuyambira mu 1951, ndipo anapeza kuti osuta moyo wawo wonse ankamwalira pafupifupi zaka 10 msanga kuposa osasuta.