Amalume, muvi uli kuti?

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo malaiti atapita ndinakhala pakhonde kwathu ku Kapata ndi kalaputopu kanga kakale kaja, ndikusewera gemu yotchedwa Morrowind. Kunabwera mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Grade 11, ndiye ndinati tayesa iwe. Ndinamuyambitsira poyambirira penipeni. M'gemumo watsika m'chombo padoko la Seyda Neen, amupatsa phukusi kuti akapereke kwa munthu wina dzina lake Caius Cosades ku tauni ya Balmora. Watuluka panja, waima. Wazungulira, waimanso. Kenako akuti, "Amalume, muvi uli kuti?" Ndinati muvi wanji? Akuti wondilozera kopita. Nditamuuza kuti mulibe, anandibwezera laputopu uku akuseka. "Gemu yanu iyi ndi yakufa, amalume. Gemu ndi Oblivion."

Yakufa? Morrowind yakufa chifukwa sikugwira dzanja ngati mwana wa kunasale?

Tamverani. Morrowind inatuluka mu 2002, Oblivion n'kubwera mu 2006, onse opanga ake ndi amodzi, a Bethesda. Zonse ziwiri ndinazisewera mpaka kumapeto, choncho musandiuze kuti ndine mdala wongokakamira zakale. Kusiyana kwake n'kumodzi basi. Morrowind imakutenga ngati munthu wamkulu wokhala ndi mutu. Oblivion imakutenga ngati mbuzi yapachingwe.

Mu Morrowind ukafika ku Balmora palibe amene amakulandira. Umayenda wekha, kufunsa anthu, mpaka wina akuuze kuti kafunse ku bala ya South Wall. Kumeneko ndi kumene amakulongosolera njira ya kunyumba kwa Caius. Ukatsegula chitseko umapeza kankhalamba kosavula malaya n'komwe chifukwa malayawo kalibe, kachipinda kali mbwee, ndipo ameneyo ndiye kazitape wamkulu wa mfumu. Wamupeza ndi pakamwa pako ndi miyendo yako. Njira imeneyo sudzaiwalanso. Ine papita zaka koma mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kukufikitsani.

Kodi ife kuno timayenda bwanji? Ukatsika basi pa Katete kufuna mudzi wa achibale, ndani amakupachikira muvi pamphumi? Amakuuza kuti tsatirani msewu wafumbiwu, mukadutsa pamjigo mukhote kumanzere, mukaona mtengo wamango waukulu mufunsenso. Ndipo umafika. Safunsa anadya phula. Morrowind yonse yagona pamwambi umenewu, umawerenga zimene wauzidwa m'kabuku kako, umasochera, umafunsanso.

Oblivion ayi. Pansi pa sikirini pali kampasi, pakampasipo pali kamuvi, iwe ntchito yako n'kuthamangira kamuviko. Munthu akulankhula nawe, iwe ukungodina kuti amalize, chifukwa ukudziwa kuti kamuvi kakuuza. Ulesi ukakugwira umatsegula mapu, kudina mzinda, wafika. Dziko lonse la Cyrodiil lokongola lija, nkhalango, mitsinje, umalidutsa ngati katundu wa m'thumba. Mu Morrowind kuti uyende msanga umalipira, kukwera chikachilombo chachitali miyendo chija amati silt strider, kapena boti, ndipo umayenera kudziwa kuti cha pano chimakafika kuti, monga mmene timadziwira kuti ya ku Lundazi imakwerera pati.

Amati anachita zimenezi kuti anthu ambiri agule. Chabwino, anagula.

Koma taonani mmene amakuoperani. Mu Morrowind ukafuna kupha munthu wofunika m'nkhani, umamupha, gemu imangokuchenjeza kuti waononga nkhani, zako izo. Mu Oblivion munthu wotere amangokomoka n'kudzukanso, ngati kuti iwe sungasenze zotsatira za manja ako. Mikondo anachotsa. Matsenga ouluka m'mwamba anachotsa. Maluso anali 27, anasiya 21. Ndipo chondinyansa kwambiri, ukamakula mphamvu adani nawonso amakula nawe limodzi, mpaka kambava wamba wa m'mbali mwa msewu wavala zida zodula kuposa za mfumu. Nanga ngati uli ndi chuma chotere ukuberanji anthu m'tchire? Ku Vvardenfell, chilumba cha mu Morrowind, ukalowa phanga losakuyenera amakukwapula kamodzi, wagwa, waphunzira, udzabweranso utakhwima.

Inde, ndikudziwa zimene mulembe m'munsimu. Nkhope za mu Morrowind n'zoipa. Umamenya khoswe ndi lupanga kasanu osamukhudza. Timbalame tija ta cliff racer timakusowetsa mtendere moti ine ndinatsala pang'ono kuponya mausi kuchibumi. Zoona zonsezo. Koma inu mwakopeka ndi udzu wogwedezeka ndi mphepo basi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mnyamatayu sanathe ngakhale mphindi khumi. Mphindi khumi! Kuwerenga mizere itatu yokha kwamulaka, ndiye mayeso a chaka chamawa adzafunsanso kuti muvi uli kuti?

Ndipo pochoka anandiuza kuti ndimugulire Oblivion Remastered ija inatuluka mu Epulo 2025. Imafuna malo okwana 125 GB. Morrowind yanga malo ake ndi ngati 1 GB, imayenda pakalaputopu kamene batire lake ndimachita kulipempherera. 125 GB, ndi mabando a ndani? Ndi malaiti ake ati, awa obwera usiku tili m'tulo?