Uchamuna wa ku Australia uyenera kuumbidwa ndi galasi basi

Amisiri amene amaumba zinthu za galasi pofuna kutsutsa uchidakwa ndi matama a amuna a ku Australia, ine ndimawavulira chipewa. Ena amati galasi ndi la maluwa ndi zokongoletsa pabalaza, silinganene nkhani ya zibakera ndi rugby. Ine ndikukana.

Taonani Bob Hawke. Anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1983 mpaka 1991, koma chimene ambiri sachiiwala ndi tambula yotalika pafupifupi mita imene akuti anagugudiza nayo malita 1.4 a mowa m'masekondi 11 ali mwana wasukulu pa yunivesite ya Oxford ku England. Mu 2012, ali nkhalamba ya zaka 82, anapapiranso kapu ya mowa pabwalo la kiriketi ku Sydney, chikhamu n'kukuwa ngati wamwetsa chigoli. Kumeneko mowa ndi masewera zimagona mphasa imodzi.

Chizolowezi chomwa ngati ukuthamangitsidwa chili ndi gwero lake. Kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mabala ambiri ankatsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo m'chigawo cha South Australia lamuloli linatha mu 1967. Munthu woweruka 5 koloko anali ndi ola limodzi loti akhute. Ndipo mkatimo munali amuna okhaokha: mu 1965 Merle Thornton ndi Rosalie Bognor anachita kudzimangirira ndi unyolo pa bala ya Regatta Hotel ku Brisbane chifukwa akazi sankagulitsidwa mowa pamenepo.

Tsono galasilo. Amuna omwewa akaledzera ena amaswerana matambula kumaso, mpaka mchitidwewu uli ndi dzina lakelake, ndipo mu 2008 boma la chigawo cha New South Wales linaletsa matambula agalasi pakadutsa 12 koloko usiku m'mabala amene munkachuluka ndewu. Ku mabwalo akuluakulu a masewera mowa amathira m'makapu apulasitiki. Tangoganizani, zindevu pepeya, akumwera m'kapu yosasweka ngati ana a ku mkaka!

Galasi limene analandidwalo ndi limene mmisiri amalitola. Ku malo oumbira galasi monga JamFactory ku Adelaide kapena Canberra Glassworks, amalisungunula pamoto woposa madigiri 1,000, n'kuliuzira mpweya ndi chipaipi mpaka litafufuma. Akaliziziritsa mofulumira limang'aluka lokha, choncho amaligoneka m'ng'anjo ina kuti lizizire pang'onopang'ono. Akaumba mpira wa rugby kapena chikho cha opambana mwa njira imeneyi, chimatuluka chonyezimira, chodzitukumula, m'kati muli mpweya wokhawokha. Chitsulo chikanamunamizira mwamunayo kuti ndi wolimba.

Chodandaula changa n'chimodzi. Zoumbazi zimakakhala m'nyumba zachionetsero, kumene owonera amayenda monyang'ama manja ali kumbuyo, ndipo ambiri mwa iwo anavomereza kale uthengawo asanalowe. Ine ndikanakonda chimodzi achiike pa kauntala ya bala tsiku la fainolo ya mpira ku Melbourne, tione ngati chingafike m'mawa.