Gasi wa eyakoni satha: lipirani wotsuka, osati wongothira

Okutobala wafika. Kuno ku Salima ikamakwana 10 koloko m'mawa malata amakhala atayamba kale kulira, ndipo usiku khoma limakhala likulavulabe moto mpaka tambala woyamba. Mwezi uno mafoni a amisiri okonza ma eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, sapuma, komanso mwezi womwewu ndi umene anthu ambiri amataya ndalama pa chinthu chimene sankayenera kulipira. Sabata yatha mnzanga wina anandiuza kuti "ndathiritsanso gasi chaka chino", akulankhula ngati munthu amene wathira mafuta m'galimoto. Mawu amenewa andisowetsa mtendere, choncho ndiloleni ndinenepo maganizo anga.

Ife eyakoni tinagula chifukwa cha amayi. Akalamba, ndipo kukatentha sankagona, ankachezera kukhala pakhonde mpaka kucha. Zaka ziwiri zoyambirira mmisiri wina ankabwera chilimwe chikayamba, n'kulumikiza mageji ake oyezera gasi pa bokosi la eyakoni limene limakhala panja, n'kunena kuti gasi wachepa. Ankathira, ife n'kulipira, m'nyumba n'kuzizira. Pofika Disembala makina ankayambanso kupuma mpweya wofunda. Chaka chachitatu tinaitana munthu wina. Iyeyu asanakhudze n'komwe silinda ya gasi anapempha kapu ya madzi a sopo, n'kupaka polumikizira mapaipi onse. Pa nati ina, pamene paipi ya kopa imalowera m'bokosi lakunja, panatuluka thovu. Anadula nsonga ya paipiyo, n'kuikonzanso, n'kumanga bwino. Kenako anapopa mpweya wonse m'mapaipi ndi makina ake, n'kuthira gasi mochita kuyeza pa sikelo. Kuyambira tsiku limenelo sitinathiritsenso.

Abale anga, gasi wa mu eyakoni sali ngati gasi wophikira amene amapsa n'kutha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka: amatenga kutentha m'chipinda, kukakutaya panja, n'kubwereranso. Firiji imagwira ntchito chimodzimodzi, koma ndani amathiritsa gasi m'firiji chaka ndi chaka? Mukamva kuti gasi wachepa, dziwani kuti pena pake pakudontha. Kuthira musanatseke pobowokapo n'chimodzimodzi kutungira madzi m'dengu. Choopsa kwambiri n'chakuti kompulesa, injini imene imapopa gasi m'mapaipimo, imadalira gasi yemweyo kuti izizizire ikamagwira ntchito, ndiye ikayenda miyezi yambiri gasi ali wochepa imatenthedwa mpaka kupsa. Kompulesa ikapsa, mtengo wake umakufikitsa poganiza zongogula makina ena.

Ndalama zake si zamasewera. Gasi, kompulesa, bolodi ya magetsi, zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizozi inakwera motsatira. Palinso nkhani ina kwa amene muli ndi makina akale. Pitani mukawerenge kachikwangwani kali m'mbali mwa bokosi lakunja. Ngati palembedwa R22, gasi ameneyu ali m'gulu la amene amawononga ozone, mpweya wa kumwamba umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo pansi pa mgwirizano wa Montreal Protocol wa 1987 mayiko ongotukuka kumene ngati lathu akuyenera kukhala atamusiya pafupifupi yense pofika 2030. Azisowa, ndipo azikwera mtengo. Makina atsopano amagwiritsa ntchito R410A kapena R32, ndipo magasi amenewa sasakanizidwa. Mmisiri amene akuthira osawerenga kachikwangwaniko mumuimitse.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti sevisi ndi yosafunika. Ine ndimalipira kamodzi pachaka, ndipo ndimalipira ndi mtima umodzi. Nthawi yake yabwino ndi Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, amisiri asanatanganidwe. Koma ndimafuna kuona chimene ndikulipirira. Atsegule makina a m'nyumba, atsuke koyilo (timapaipi timene timazizira) ndi chopukusa mphepo chija chimene chimadzaza nkhungu yakuda. Atsuke bokosi lakunja, limene limameza fumbi lonse la chilimwe, masamba ndi nthenga za nkhuku. Atsegule paipi yotayira madzi, chifukwa madzi amene mumaona akutsetsereka pakhoma la kuchipinda nthawi zambiri gwero lake ndi paipi imeneyi ikatsekeka. Amange mawaya amene akhwefuka, ayeze capacitor (kachipangizo kothandiza kompulesa kunyamuka), ayezenso magetsi amene kompulesa ikukoka. Ntchito imeneyi ikachitika bwino imadya ola lathunthu kapena kuposa pa makina amodzi. Amene wamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu wangopukuta chivindikiro.

Capacitor ija ndi kanthu kakang'ono, kotchipa poyerekeza ndi kompulesa. Ikafa, bokosi lakunja limangong'ung'udza osanyamuka, ndipo wosadziwa angauzidwe kuti kompulesa yapita. Muziwauza amisiri ayambe ayeza kaye kameneka inu mukuona.

Pali ntchito ina imene simuyenera kulipira munthu. Kwezani chivindikiro cha makina a m'nyumba, solorani masefa awiri aja, atsukeni ndi madzi, aumitseni pamthunzi, abwezereni. Nyengo ya fumbi ngati ino, milungu iwiri iliyonse. Dipatimenti yoona za mphamvu ku America imati kusintha sefa yotsekeka n'kuika yoyera kumachepetsa magetsi amene eyakoni imadya ndi 5% mpaka 15%. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Eyakoni ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa), imene ambiri timaika kuchipinda, imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompulesa ikamayenda. Maola 8 usiku uliwonse kwa masiku 30 angafike mayunitsi 240. Gawo limodzi mwa magawo khumi la amenewa ndi mayunitsi 24, otayika pamwezi chifukwa cha sefa imene mwana wa sitandade 7 akanatha kutsuka. Ndipo kuika limoti pa madigiri 16 sikufulumizitsa kuzizira, kumangochititsa kuti kompulesa isapume. Amayi amagona bwino pa 24.

Za magetsi ndingonena mwachidule. Akamazimazima n'kubwera mwamphamvu, kompulesa ndi bolodi ndizo zimavulala. Gulani kachipangizo koteteza kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanayatse makina. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri kuyerekeza ndi bolodi. Muziyang'ananso analimata ndi mavu, chifukwa amakonda kukhala m'kabokosi ka mawaya ndipo amaotchetsa zinthu.

Tsopano mawu amene ena simuwakonda. Mlandu wa "kuthira gasi" si wa amisiri okha, ifenso eni makina tili nawo mbali. Mmisiri akatha maola awiri akutsuka ndi kufufuza podontha, timati sanachite kanthu, wangosambitsa, ndiye timanenerera mtengo mpaka kumusiya ndi ya thiransipoti yokha. Koma akatulutsa silinda n'kumveka kuti tswii, timatulutsa ndalama osafunsa, chifukwa taona chinthu chikulowa. Munthu ali ndi ana kunyumba, ndiye aphunzira msanga kuti ndalama ili pati. Pamenepa tikuwaphunzitsa tokha kuti asiye ntchito yeniyeni. Bambo amene anatipezera podontha paja ananyamula pampu, sikelo ndi mageji, zida zogula ndi ndalama zambiri, ndipo anaphunzira ntchitoyi zaka. Atatchula mtengo sindinanenerere ngakhale kwacha imodzi, ndipo chaka chilichonse ndimaitana yemweyo. Chimene ndimamupempha ndi chimodzi: alembe papepala zimene wachita, ndi tsiku lake. Pepalalo ndimasunga pamodzi ndi lisiti ya makina.

Kwa ife a kunja kwa mizinda ikuluikulu, chimene chimakweza mtengo kawirikawiri ndi ulendo. Mmisiri akachokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mafuta a kupita ndi kubwera amagwera pa iwe wekha. Chaka chino tinagwirizana nyumba zitatu, anabwera tsiku limodzi n'kukonza makina onse, thiransipoti tinagawana patatu. Amene muli kuno ku Salima ndipo mukufuna kulowa nawo Ogasiti akubwerayu, mundiuze nthawi ikadalipo. Pakali pano, Loweruka lino kasololeni masefa aja muone mmene alili.